Lipoti la fodya wa pakhomo: Virginia, Burley ndi Izmir atawonongeka poumitsa

Lipotili likunena za wolima wina amene amabzala fodya kuseri kwa nyumba chifukwa chongokonda, osati kuti azigulitsa. M'chaka chake choyamba anabzala mapando 60: a Virginia Gold 24, a Burley wa TN 90 24, ndi a Izmir 12, amene ndi fodya wa gulu la Oriental. Pamene ankapempha kuti anthu ena amuonereko, ntchito youmitsa inali itatha kale, fodya ataunjikidwa milu itatu pa tebulo. Virginia anali wouma gwa, koma masamba ambiri anali obiriwira kunsonga ndi m'mbali, ena a mawanga akuda ngati owaulidwa ndi madzi otentha, ndipo ochepa anali ofiira. Burley ankanunkha chuku, ndipo masamba ena ankangonyenyeka ukawagwira pafupi ndi pomwe anasokedwa. Izmir ankaoneka bwino m'maso, masamba aakulu abulauni, koma posuta ankakanda pakhosi ndipo fungo lokoma limene anthu amalimira fodya ameneyu munalibe.

Mwiniwake ankakayikira mbewu. Mbewu zinalibe mlandu. Fodya wa makhalidwe atatu osiyana anasamalidwa ngati fodya mmodzi kuyambira m'munda, ndipo pofika poumitsa, mtima wonse unali pa kuchotsa madzi msanga.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tsamba lothyoledwa silifa pomwepo. Limakhala ndi madzi okwana 80 mpaka 90 peresenti ya kulemera kwake, ndipo kwa masiku angapo limapitiriza kupuma. M'masiku amenewo ndi mmene zobiriwira za m'tsamba zimasweka, chikasu n'kuonekera, sitachi n'kusanduka shuga. Ntchito imeneyi amagwira ndi maselo amoyo. Madzi akachoka mofulumira, maselo amafa ntchito isanathe, kubiriwira n'kukhazikika mpaka kalekale. Madzi akachedwa kuchoka pamalo ofunda opanda mphepo, tsamba limaola. Milu itatu ya pa tebulo ija inasonyeza mbali ziwiri zonsezi.

Ku nazale

Kuno kunalibe zambiri zolakwika. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono kwambiri, mu galamu imodzi mumakhala njere zoposa 10,000, ndipo imafuna kuwala kuti imere. Ulendo woyamba wolimayu anaikwirira ndi dothi, n'kungomera zowerengeka. Atafesanso pamwamba pa dothi losefa, osakwirira, n'kumathirira kuchokera pansi pa thireyi, zinamera pakati pa tsiku la 8 ndi la 12, zomwe ndi zachizolowezi pa kutentha kwa madigiri 21 mpaka 27 a Celsius. Anapatulira, n'kuwokera pa sabata ya 7 mbande zili pafupifupi masentimita 15, tsinde lokhuthala ngati pensulo.

Chinthu chimodzi chokha chiyenera kutchulidwa. Mapesi anayi anali ndi masamba amathothomathotho, obiriwira mosiyanasiyana ndi okwinyika, chizindikiro cha kachilombo ka mosaic. Wolimayu amasuta, ndipo ankagwira mbande asanasambe m'manja. Kachilomboka kamapulumuka m'fodya wouma kale ndipo kamalowa kudzera pa kabala kakang'ono pa tsamba. Sopo ndi madzi musanagwire mbande ndi zokwanira kuchepetsa vutoli, ndipo phesi lodwala lizulidwe likadali laling'ono. Tomato ndi tsabola zimagwidwanso ndi kachilombo komweko, choncho fodya asabzalidwe pamene mbewu zimenezi zangochoka.

M'munda: chakudya chimodzi kwa onse

Mapando onse 60 anatalikirana mofanana, masentimita 60 mumzere ndi mita imodzi pakati pa mizere. Onse analandira manyowa a nkhuku, feteleza wosakaniza wa mbewu wamba, kenako feteleza wa nayitrojeni wobereketsa kawiri. Ulendo wachiwiri wobereketsa unachitika mochedwa, maluwa atatuluka kale, ndipo chifukwa chake n'chomveka: wolimayu anaona tsinde ndi mitsempha ya Burley zili zotuwa, n'kuganiza kuti fodya wamva njala. Koma Burley amabadwa choncho. Fodya ameneyu anachokera ku mapesi otuwa amene George Webb anawapeza mu 1864 ku Brown County, Ohio, m'dziko la America, ndipo kutuwako ndi chibadwa chake, si matenda. Poopa njala yomwe kunalibe, munda wonse unadyetsedwa.

Burley sanadandaule kwenikweni, chifukwa amafuna nayitrojeni wambiri kuposa enawo. Virginia ndiye anapwetekeka. Fodya ameneyu amafunika kuti nayitrojeni wa m'nthaka athe cha pa nthawi yothena, kuti tsamba lisiye kukula n'kuyamba kusunga sitachi. Nayitrojeni akapitirira, tsamba limakhala lobiriwira bii, lochindikala, losafuna kupsa, ndipo m'bokosi loumitsira limakana kusanduka lachikasu ngakhale mutalidikira. Manyowa a nkhuku amakulitsa vutoli chifukwa amatulutsa nayitrojeni pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa nyengo, ndipo palibe njira yowaletsera.

Izmir anaonongekeratu pamenepa, asanathyoledwe n'komwe. Fungo la fodya wa Oriental limachokera ku masamba aang'ono okhala ndi utomoni wambiri, omera pa nthaka yosauka, mothinana, movutikira madzi. Amabzalidwa pafupifupi masentimita 10 mpaka 15 mumzere ndi 40 mpaka 50 pakati pa mizere, feteleza wochepa kwambiri kapena osathira n'komwe, ndipo nthawi zambiri sathenedwa. Uyu anapatsidwa malo a Burley, chakudya cha Burley, n'kuthenedwanso. Masamba amene akanayenera kukhala ngati chikhatho anatalika kufika pa mkono.

Pa thumba la feteleza wosakaniza uja panalembedwa kuti potashi wake ndi wa potassium chloride. Izi zinafotokoza chifukwa chake fodya wonse, ngakhale masamba amene anauma bwino, ankazimazima posuta n'kusiya phulusa lakuda. Kloraidi wochuluka amachititsa tsamba kuyamwa chinyezi ndi kukana moto, ndipo akalowa m'tsamba satulukamo. Potashi woyenera fodya ndi wa potassium sulphate. Nthaka ikhale ya pH (muyeso wa asidi m'nthaka) ya pakati pa 5.8 ndi 6.2, yosasunga madzi.

Kuthena kunachedwanso. Nthawi yake ndi pamene mutu wa maluwa watuluka koma asanamasule, kapena duwa loyamba litangotseguka, kusiya masamba 18 mpaka 22 pa Virginia ndi Burley. Mukathena, mphukira zimabuka m'khwapa mwa tsamba lililonse ndipo zimafuna kuchotsedwa sabata ndi sabata zisanapitirire kutalika kwa chala. Kuno zina zinafika pochita maluwa.

Virginia yense anathyoledwa tsiku limodzi, masabata awiri chithenereni, masamba apansi ndi apamwamba pamodzi. Masamba a fodya amapsa kuyambira pansi, awiri kapena atatu pa sabata, ndipo phesi limodzi limatenga masabata asanu kapena kuposerapo kuti lithe. Tsamba lakupsa limatuwa kupita ku chikasu, limagwa mapewa kutalikirana ndi tsinde, pamwamba pake pamachita timabwinobwino, ndipo ukalikankhira pansi limathyoka kuti thyo osasenda khungwa. Losapsa limakanirira n'kung'amba tsinde. Tsiku lothyolalo kunali mame, wolimayu atavala malaya amanja aafupi, ndipo madzulo ake anamva nseru, chizungulire ndi mutu. Ameneyo ndi nikotini wolowa pakhungu kuchokera ku masamba onyowa. Magolovesi, malaya amanja aatali osalowa madzi, ndi kudikira kuti mame aume ndiwo mankhwala ake, ndipo ana asamagwire masamba aawisi.

Virginia m'bokosi

Bokosi linali la pulayiwudi, lotalika mita 1.2, mbali zake masentimita 60, lomatidwa zotsekera kutentha mkati. Pansi panali hita yaing'ono ndi fani. Themomita inali imodzi, yopachikidwa pamwamba. Munalibe mbale ya madzi, munalibe kachitseko kotulutsira mpweya kotha kutseka ndi kutsegula, ndipo chitseko chinali ndi mpata wolowa chala. Masamba anapanikizidwa kwambiri pakati.

Anayamba ndi madigiri 38, zomwe n'zolondola. Koma kudzera pa mpata wa chitseko chinyezi chinkathawa, ndipo pofika m'mawa nsonga ndi mbali za masamba akunja zinali zitauma zikadali zobiriwira. Ataona kuti chikasu sichikubwera, pa ola la 24 anakweza kutentha kufika 60 m'maola atatu okha. Masamba a pakati, opanikizana aja, anali akadali odzaza madzi. Tsamba lonyowa likadutsa madigiri 54 mpaka 57, maselo ake amaphulika, timadzi tamkati timakumana ndi mpweya, ndipo limada m'mphindi zochepa. Awo ndiwo mawanga akuda aja. Pomaliza, pofuna kuumitsa mitsempha, anafika 80 pa themomita ya pamwamba, kutanthauza kuti pansi pafupi ndi hita panali poposa pamenepo. Shuga wa m'masamba apansi anapserera, n'chifukwa chake anafiira. Zolakwa zitatu m'bokosi limodzi, chilichonse ndi malo ake.

Nkhani imene imafotokozedwa ya chiyambi cha fodya wachikasuyu ndi ya mu 1839 ku Caswell County, North Carolina, pamene kapolo wina dzina lake Stephen, pa famu ya Abisha Slade, anagona moto n'kutsala pang'ono kuzima, ndipo atadzuka anaukoleza ndi makala. Anthu amakonda kukumbukira kutentha kwadzidzidziko. Chimene chimaiwalika n'chakuti kutenthako kunapeza masamba atakhala kale nthawi pa moto wochepa. Moto waukulu umangokhazikitsa chikasu chimene chilipo kale, suchipanga.

Dongosolo loyenera lili ndi magawo anayi, ndipo wotsogolera ndi tsamba, osati wotchi. Gawo loyamba ndi losandutsa chikasu: madigiri 35 mpaka 38, chinyezi cha 80 mpaka 90 peresenti, bokosi lotseka pafupifupi kotheratu, fani ikuzungulitsa mpweya womwewo pang'onopang'ono. Limatenga maola 36 mpaka 48 pa masamba akupsa bwino, ndipo apamwamba ochindikala amatha kufuna 72. Mbale ya madzi pansi imathandiza m'bokosi laling'ono, chifukwa masamba ochepa satulutsa chinyezi chokwanira paokha. Musachoke pa gawoli mpaka tsamba lonse litachita chikasu kupatula kubiriwira pang'ono m'mbali mwa mtsempha wapakati.

Gawo lachiwiri ndi lofotetsa. Kwezani digiri imodzi pa ola, osapitirira, mpaka 43 kenako 48 kapena 49, mukutsegula kachitseko pang'ono kuti chinyezi chiyambe kutuluka. Khalani pamenepo mpaka masamba onse, makamaka a pakati, atafota n'kulendewera ngati nsalu, nsonga zitayamba kupindika. Gawoli ndi limene linadumphidwa, ndipo ndi limene limateteza ku mawanga akuda: tsamba liyenera kukhala litataya pafupifupi theka la madzi ake lisanafike pa 54. Lowetsani dzanja pakati pa masamba. Mukamva kuzizira ndi kunyowa, si nthawi yokweza.

Gawo lachitatu ndi loumitsa tsamba pa madigiri 54 mpaka 57, kachitseko kali kotsegula, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Lachinayi ndi loumitsa mtsempha wapakati pa 71 mpaka 74, osadutsa pamenepo, kachitseko katatsekedwa pafupifupi konse chifukwa madzi otsala ndi ochepa. Mtsempha ukathyoka kuti phwa mpaka kutsinde kwake, zimitsani. Zonse pamodzi ndi masiku 5 mpaka 7.

Zipangizo zambiri zoyezera chinyezi za pakhomo zimasokonezeka pa kutentha kotere. Njira yodalirika ndi themomita yachiwiri yokulungidwa kansalu konyowa kumutu, kansaluko kakumwa madzi m'kabotolo, yoikidwa pamene mphepo ya fani ikudutsa. Pa gawo loyamba iziwerenga madigiri awiri kapena atatu pansi pa youma. Pa gawo loumitsa tsamba isapitirire 40 kapena 41, ndipo pomaliza isapitirire 43. Ikakwera kuposa pamenepo, tsegulani kachitseko. Ikatsika kwambiri, tsekani. Themomita youma ikhale pamene mpweya wotentha ukuyamba kukhudza masamba, ndipo pakati pa hita ndi masamba pakhale lata lomwaza kutentha, ndi sefa ya waya yogwira zinyenyeswa. Tsamba louma likagwera pa hita, bokosi la matabwa limapsa m'kanthawi kochepa, choncho lisaikidwe m'nyumba yogona.

Burley m'galaja

Burley saumitsidwa ndi moto. Amafuna chigafa, mthunzi ndi mphepo, kwa masabata 4 mpaka 8. Kuumitsa kwapang'onopang'onoku kumapatsa tsamba nthawi yodya pafupifupi shuga wake wonse, n'chifukwa chake Burley wouma ndi wabulauni, wopepuka ndi wosatsekemera. Wolimayu analibe chigafa, anagwiritsa ntchito galaja ya njerwa yokhala ndi zenera limodzi. Anasoka masamba mothinana, nkhope ndi nkhope, pa mikangala yotalikirana masentimita 10 okha.

Sabata yoyamba zinkaoneka bwino. Kenako kunagwa mvula masiku atatu, ndipo iye anatseka zenera ndi chitseko poganiza kuti akutchinga chinyezi cha kunja. Koma chinyezi chachikulu chinali mkati. Masamba a mapesi 24 amatulutsa madzi ambirimbiri m'sabata ziwiri zoyamba, ndipo m'chipinda chotseka madziwo alibe kopita. Pa tsiku lachitatu munali fungo la zowola, tsinde la masamba litada ndi kuterera, ena atapulumuka pa ulusi n'kugwa pansi. Kuola kotere kumayamba masamba akakhala m'mpweya wofunda, wonyowa kwambiri ndi wosayenda kopitirira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kumayambira pamene masamba akhudzana.

Kachipangizo koyezera chinyezi kanali kumuuza 78 peresenti nthawi yonseyi. Katayesedwa, kanapezeka kuti kamawerenga mochepekera ndi 12. Kuyesako n'kosavuta: ikani mchere wa patebulo m'kachivundikiro ka botolo, udonthezereni madzi mpaka unyowe ngati mchenga wonyowa koma osasungunuka, tsekerani pamodzi ndi kachipangizoko m'pulasitiki yosalowa mpweya kwa maola 8 mpaka 12. Koyenda bwino kamawerenga 75. Kusiyana kulikonse kulembedwe pa kachipangizoko.

Ataona kuola, wolimayu anayatsa hita ndi fani yaikulu usana ndi usiku kwa masiku anayi. Kuola kunaima, koma masamba amene anali pakati pa chikasu ndi bulauni anaumira pomwepo, amawangamawanga, ndipo ndi amene posuta amaluma lilime. Chofunika chinali kutalikitsa mikangala, kuchotsa masamba owola, kuyatsa fani mpaka tsamba lisiye kuterera, kenako kuzimitsa.

Burley amauma bwino pa madigiri 18 mpaka 32, chinyezi chapakatikati pa tsiku chikhale 65 mpaka 70 peresenti. Mawu akuti chapakatikati ndi ofunika. Usiku chinyezi chimakwera tsamba n'kufewa, masana chimatsika tsamba n'kuuma pang'ono, ndipo kusinthana kumeneku ndi kumene kumabweretsa bulauni wosalala. Dzanja limadziwa bwino kuposa kachipangizo: m'mawa tsamba lizipindika osathyoka, masana lizichita phokoso pang'ono. Likakhala lofewa tsiku lonse, tsegulani paliponse ndipo yatsani fani. Likakhala lophwanyika ngakhale m'mawa, tsekani masana, tsegulani usiku, thirani madzi pansi. Masamba asokedwe awiriawiri msana ndi msana, chifukwa akamafota amapindikira kunkhope ndipo osokedwa nkhope ndi nkhope amakumbatirana n'kusunga madzi. Pakati pa awiri ndi awiri anzawo pakhale mpata wa zala ziwiri, mikangala italikirane masentimita 20 mpaka 25. Chikasu chimatenga sabata imodzi kapena kuposa pang'ono, bulauni sabata ina, kenako tsamba limauma, ndipo mtsempha wapakati ndi womaliza. Chuku cha mochedwa chimabisala mu mtsempha umenewu, choncho fodya asatsitsidwe mtsempha ukadali wopindika.

Izmir

Anapachikidwa m'galaja momwemo, pafupi ndi zenera, n'chifukwa chake sanaole. Koma anauma ngati Burley, mumthunzi, shuga n'kutha. Oriental amaumitsidwa pa dzuwa. Masamba amathyoledwa kuyambira pansi, amaboolodwa ndi singano yaitali pa mtsempha pafupi ndi tsinde n'kutungidwa pa ulusi, amafota mumthunzi masiku 2 mpaka 4 kuti chikasu chiyambe, kenako amaanikidwa pa dzuwa masabata awiri kapena atatu, akufundidwa usiku ndi pa mvula. Kuwaika pa dzuwa tsiku lomwe athyoledwa kumabweretsa kubiriwira komwe kuja kwa m'bokosi.

Zimene zinapulumuka

Fodya wouma sagwiridwa ali wouma, amaphwanyika. Anapachikidwa usiku umodzi pamalo a chinyezi mpaka anafewa moti ukafinya tsamba m'dzanja limabwerera lokha osang'ambika, ndiye kusankha kunayamba. Tsamba lililonse lokhala ndi chuku pa thupi lake, choyera, chobiriwira kapena chakuda, linatayidwa. Pali amene amapukuta ndi vinyo wosasa kapena mowa woyeretsera, koma chuku chimene chalowa mkati mwa tsamba sichipukutika, ndipo fodya wotere si wosungira. Pamene chuku chinali pa mtsempha wapakati wokha, mtsempha unasendedwa n'kutayidwa, mbali ziwiri za tsamba n'kusungidwa. Kuwala koyera konga timchere pa mitsempha ya Burley wouma si chuku nthawi zonse: timchere timakhala tolimba ndi topanda fungo, chuku chimakhala ngati thonje ndipo chimanunkha.

Virginia wobiriwira anapachikidwa pamalo owala, akufewa usiku ndi kuuma masana, kwa masabata angapo. Wobiriwira pang'ono anatuwa n'kukhala wosutika. Wobiriwira bii sanasinthe, ndipo sasintha. Wa mawanga akuda ndi wofiira alibe chiopsezo chapadera, koma kukoma kwake ndi kwa zopserera.

Pa zonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene linapita ku gawo lomaliza, lokhwimitsa. Fodya wongouma kumene amakanda pakhosi ngakhale ataumitsidwa bwino, chifukwa zina za m'tsamba zimakhala zisanasweke. Njira yaulesi ndi kumusunga chaka chimodzi kapena ziwiri m'katoni, ali wofewa pang'ono, pamalo ozizirira. Njira yachangu ndi kumuika m'mabotolo agalasi otseka, ali wofewa koma osanyowa, m'bokosi lomwe lija pa madigiri 50 mpaka 54 kwa masabata 4 mpaka 6. Malire a pansiwo si oseweretsa: pansi pa 49, fodya wofewa pamalo ofunda amachita chuku m'masiku ochepa, ndipo magetsi akazima tsiku lathunthu, mabotolo atsegulidwe fodya aume. Mabotolo atsegulidwe kamodzi pa masiku angapo kuti mpweya usinthe. Sabata zoyamba mumatuluka fungo la amoniya loboola mphuno, makamaka kwa Burley wodya nayitrojeni wambiri ngati uyu, ndipo likatha pamabwera fungo lozuna. Madzi akaoneka pa galasi mkati, fodya wanyowa kwambiri. Virginia amadera pang'ono m'njira imeneyi, choncho wofuna chikasu chowala amusunge mwa njira yaulesi. Asanasungidwe, fodya anaikidwa mufiriza pa madigiri 18 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kupha kafumbwe wa fodya ndi mazira ake, amene chizindikiro chake ndi timabowo tozungulira ngati toboola ndi singano.

Burley anakoma ndithu atakhwima. Izmir anasiya kukanda koma fungo silinabwere, chifukwa silinapangidwe m'munda. Kuzimazima kwa kloraidi kunatsala mwa onse.

Wolimayu ankakhulupirira kuti fodya wolima yekha ndi wopanda vuto m'thupi poti sanathiremo mankhwala. Si zoona. Nikotini ndi wa m'tsamba momwemo, phula ndi mpweya wa carbon monoxide zimachokera ku kuyaka, ndipo tizinthu toyambitsa khansa totchedwa nitrosamine timapangika nthawi youmitsa, mochuluka pa fodya wodya nayitrojeni wambiri woumira m'chinyezi chokwera, monga Burley wa m'galaja uja. Malamulo a kulima, kukonza ndi kugulitsa fodya amasiyananso dziko ndi dziko, ndipo kuloledwa kulima wosuta wekha sikutanthauza kuloledwa kugulitsa.

Chaka chotsatira

Mapando anachepetsedwa kufika 40 ndipo munda unagawidwa patatu. Burley anapita pa malo a chonde, ndi manyowa owolerana ndi kubereketsa kamodzi masabata atatu chiwokereni. Virginia anapita pa dothi lamchenga, wopanda manyowa, ndi nayitrojeni wosafika theka la wa Burley, yense wothiridwa m'masabata atatu oyamba. Izmir anabzalidwa mothinana kumapeto kwa munda, osathira kanthu, osathena. Potashi anali wa sulphate. Bokosi linalandira labala pa chitseko, tizitseko tiwiri tosuntha, kena pansi kena pamwamba, mbale ya madzi ndi themomita yonyowa. Burley anapachikidwa pansi pa denga lopanda makoma, lokhala ndi masaka otsitsa kumbali yochokera mphepo.

Phesi limodzi la mtundu uliwonse linasiyidwa losathena kuti lipereke mbewu, mutu wake utavekedwa thumba la nsalu yopyapyala maluwa asanamasule. Fodya amadzibereketsa yekha, koma njuchi ndi agulugufe amatha kusakaniza mitundu yoyandikana, ndipo mbewu ya Izmir wosakanizika ndi Burley imazindikirika chaka chitatha. Tizibalobalo tikasanduka tabulauni, mutu umadulidwa n'kuumitsidwa m'thumba momwemo.

Masamba apansi ndi apakati a Virginia anatuluka achikasu chowala, Burley wabulauni wosalala, ndipo Izmir, ngakhale anali wochepa kwambiri pa sikelo, ankanunkhira ukangotsegula katoni. Vuto lotsala linali pa masamba anayi kapena asanu apamwamba a Virginia, amene anakana chikasu ngakhale pa ola la 72, mwina chifukwa cha manyowa a chaka chatha otsalira m'nthaka. Amenewa anatulutsidwa m'bokosi akadali ofewa, n'kusanjikizidwa khumikhumi m'katoni pakati pa mapepala, pamalo ofunda. Tsiku lililonse mulu unkaphwasulidwa, masamba akupukutidwa thukuta, apakati akupita kunja, mapepala onyowa akusinthidwa. Pa tsiku lachinayi anali achikasu, ndipo anabwerera m'bokosi kukayambira pa madigiri 43.